Chingwe cha Bambo Maxon pa Khoma la Kireshi

M'mawa uliwonse, asanamwe tiyi, bambo Maxon Kandulu ankatulutsa kachitini ka fodya m'thumba la jekete. Fodya munalibe. Munkakhala chingwe choonda, kumapeto kwake kuli kachitsulo ka mkuwa kosongoka pansi ngati nguli. Iwo ankakatchula kuti bobu. Ankakoleka chingwecho pa msomali pamwamba pa chitseko chawo, n'kugwada, n'kudikira mpaka kachitsuloko kasiye kugwedezeka. Akaona pamene nsonga yaloza pa simenti ankati, "Nyumba yagona bwino," ndiye kukaika ketulo pa moto.

Ine ndinkaziona zimenezi ndili pa mpopi, chifukwa ndimachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba yawo ku Meriting, kuno ku Joni. Ndinachoka ku Balaka mu 2019 kutsatira bambo a mwana wanga Peace, amene pano amagwira ntchito ku Limpopo ndipo amabwera mwa apo ndi apo. Ine kuyankhula ndi akuluakulu kumandivuta. Miyezi itatu yoyamba ndinkangowapatsa moni basi. Iwo ndi amene anandiyamba.

"Mayi a Peace, mumandiyang'ana ngati ndikuombeza ula. Tabwerani muone."

Anandionetsa timadontho ta pensulo pa simenti, tina tatsopano, tina tofufutika. Anati dothi la kuno ndi makande, lakuda lija lomata ku nsapato. Mvula ikagwa limatupa, dzuwa likawomba limang'ambika, ndipo nyumba imene yakhala pamwamba pake imayenda nalo. Yawoyo inkapendekekera kum'mawa nthawi ya dzinja, m'chilimwe n'kubwerera. "Ikamapita n'kumabwerera palibe mlandu," anatero. "Yoopsa ndi imene ikupita osabwerera."

Kwawo ndi ku Ntcheu, cha ku Kasinje. Anabwera ku Joni mu 1981 ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anayamba ndi kulayisha miyala pansi pa mgodi, koma mzungu wina woyeza anaona kuti amawerenga manambala msanga, n'kuwatengera ku gulu lake. Oyezawo ndi amene amauza okumba kumene njira ilowere, kuti njira ziwiri zochokera kutali zikakumane mumdima osaphonyana. Ntchito ya a Maxon inali kukhoma zikhomo ku denga la mwala, kukolekapo bobu, ndi kuimika ndodo ya manambala patali, woyeza akuyang'ana m'makina a miyendo itatu. Woyeza akakupiza dzanja kumanzere, iwo kumanzere. Akakweza manja onse awiri, ndiye kuti zatheka. Anagwira ntchito imeneyi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

Tsiku lina ndinalimba mtima kuwafunsa ngati iwo anayang'anapo m'makinamo.

"Ine? Ayi. Ankati ukagunda mwendo umodzi, ntchito ya tsiku lonse yawonongeka. Azungu anasinthana asanu ndi awiri, kenaka kunabwera akuda anzathu a mapepala a sukulu, ine ndili ndi ndodo yomwe ija. Makinawo ndimawadziwa kutsogolo kokha, ngati mmene mbuzi imadziwira galimoto."

Anaseka, koma kusekako kunathera m'chifuwa. Chifuwa chimenecho anatuluka nacho mu mgodi mu 2008, pamodzi ndi penshoni ndi bobu uja, amene woyeza womaliza anawapatsa. Anzawo ambiri anabwerera kumudzi kalekale. Iwo anakwatira mayi wa Chitswana wa ku Robega, n'kubereka ana awiri. Mayiwo anamwalira mu 2015. Kumudzi ankangowatchula kuti tchona.

Tchalitchi chathu chili ndi holo yaing'ono imene madala a ku migodi anamanga okha ndi manja awo. Pakati pa sabata mayi Rozalia amasungiramo ana, ndiye timangoti ku kireshi. Nthawi imeneyo ana analipo makumi awiri ndi atatu, Peace wanga mmodzi wa iwo, ali ndi zaka zitatu. Akadya masana ankagona pa mphasa motsatira khoma la ku msewu, chifukwa ndi kumene kumazizira. A Maxon ndiwo ankasunga kiyi, n'kumatsegula m'mawa.

Chaka chatha mu Seputembala kunabwera kampani yoika paipi yaikulu ya madzi a mvula. Ngalande yawo inkadutsa mapazi atatu okha kuchokera pa khoma lija, ndipo inali yakuya moti munthu ataimirira pa mapewa a mnzake sakanaoneka. Lachisanu, asanayambe kukumba, kunabwera injiniya wachitsikana wa ku Phokeng, dzina lake Thandiwe. Anakhoma kabokosi kotuwa kunja kwa khomalo, kukula kwake ngati theka la buledi. Anafotokoza kuti m'katimo muli sensa, kachipangizo kamene kamamva khoma likapendekeka ngakhale pang'ono, n'kutumiza uthenga ku kompyuta ndi ku mafoni awo. Anati kayamba kuwerenga Lolemba. Ine ndinabwera kudzatenga Peace nthawi yomweyo, ndipo ndinaona kanyali kobiriwira kakuphethira pa kabowo ka bokosilo. Kenaka Thandiwe anaimika makina ake a miyendo itatu, n'kuyeza khomalo pamwamba ndi pansi. Anati adzayezanso pakatha mwezi, pokhapokha sensa italira. A Maxon anaima chapatali, chipewa chili m'manja, osachotsa maso pa makinawo.

Lolemba lomwelo iwo anakhoma msomali wautali m'kati mwa holo, pamwamba pa khoma la ku msewu. Pansi anamata kathabwa. Atakoleka bobu, nsonga inali zala zitatu kuchokera ku khoma. Anaika dontho, n'kulemba tsiku. Kuyambira pamenepo ankayeza nyumba ziwiri asanamwe tiyi.

Sabata yoyamba madontho anaunjikana pamodzi. Sabata yachiwiri, ngalande itafika pa holo, anayamba kuyenda. Dontho lililonse linkatsogola linzake kulowera ku khoma. Anandifotokozera kuti mutu wa khoma ukamagwera kunja, umakoka msomali, ndiye chingwe chimayandikira tsinde la khomalo m'kati. Ankayeza ndi mitengo ya machesi, kuigoneka moyandikana. Lachitatu inali inayi. Loweruka isanu ndi iwiri. Palibe dontho limene linabwerera.

Anapita kwa Edward, mnyamata wa ku Mulanje amene anali kapitawo wa okumba. Ine ndinali pomwepo, ndikudikira tekisi.

"Madala, za chingwe zinatha ndi Wenela," anatero Edward, akutulutsa foni. "Taonani apa. Mzere wobiriwirawu ndi khoma lanu. Lili phee kuposa inu ndi ine."

"Mzerewu unakhotako tsiku lina?"

"Ngakhale pang'ono."

"Ngakhale tsiku lija munkaswa mwala, makapu akugwa pa shelefu?"

"Ndi chifukwa chake timati za makono, madala. Bobu wanuyo wakalamba ngati mwini wake. Mumupatse penshoni."

Okumba anaseka. A Maxon anavala chipewa n'kubwerera. Anauza mayi Rozalia kuti ana achoke mu holomo, chifukwa khoma likapita denga limalitsatira. Mayi Rozalia ndi munthu wa mtima wabwino koma samva za awiri.

"Ndikatseka, amayi awa ana akawasiya kuti? Mmodzi akajomba tsiku limodzi kwa abwana ake, mawa apeza wina ali pa malo pake. A kampani akuti zili bwino, ndipo ali ndi makompyuta. Inu achimwene mukufuna ndimvere ulusi?"

Sankanama. Ine ndimakolopa m'nyumba ziwiri ku tauni, ndipo ndinalibe kwina komusiya Peace. M'mawa uliwonse ndinkamulowetsa mu holo, n'kuyang'ana kathabwa kaja mwakabisira, n'kutuluka. Ndinkamuuza kuti azigona kutali ndi khoma, koma mwana wa zaka zitatu amagona pamene mnzake wagona.

A Maxon nawonso anayamba kudzikayikira. Anati mwina ndi maso, mwina dzanja likunjenjemera. Anakhoma msomali wina pa khoma la kuseri, n'kumayezanso pamenepo. Kumeneko madontho sanayende. Anandipempha kuti ndiziika ine dontho, iwo atatembenuka. Langanso linatsogola. Tsiku limenelo anakhala pa sitepe nthawi yaitali, tiyi wawo n'kuzizira.

"Chikundivuta si khoma," anatero. "Ndi mzere wa Edward uja. Khoma la njerwa likawombedwa ndi dzuwa limasuntha, madzulo n'kubwerera. Chimakina chikadutsa limanjenjemera. Mzere wowongoka chonchija, pa makande, sindinauonepo. Kabokosi kaja sikakumva khoma ili."

Lamulungu la sabata yachitatu inali nthawi yanga yothandiza kuyala nsalu ya pa guwa. Mayi Rozalia anatsegula thiranki la chitsulo limene limakhala pakona ya kuseri, momwe amasungira nsalu ndi zikho za mgonero. Ndikutulutsa nsalu, ndinaona kanthu kokulungidwa m'chitenje pansi penipeni. M'chitenjemo munkaphethira kanyali kobiriwira. Titaweruka ndinazungulira ku msewu, n'kuyang'ana pa kabowo ka bokosi lija. Munali mdima.

Ndinapita kunyumba osauza munthu. Mayi Rozalia ndi a msinkhu wa mayi anga, ndipo ndi iwo anandilandira ndili mlendo. Kuwaulula kunali ngati kuwavula pagulu. Koma Lolemba m'mawa, ndikumumanga Peace nsapato, ndinalephera kupirira. Ndinawapeza a Maxon atagwada pa chitseko chawo, ndipo ndinayankhula ndikuyang'ana pansi.

"Bambo, kanyali kaja kali m'thiranki."

Anandifunsa kawiri kuti kanyali kati. Atamvetsa, anapinda chingwe osamaliza kuyeza, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita.

Ku holo anamasula chivundikiro cha bokosi ndi mpeni. M'kati munali mbee. Mayi Rozalia sanakane n'komwe.

"Ndinachotsa ine, Loweruka, atangokhoma dzulo lake. Anyamata osuta chamba a kuno anatibera mababu, anazula mpopi wa mkuwa, ngakhale belu anapita nalo. Ndiye chinthu cha eni ake, chodula chonchija, chigone panja? Chikanabedwa akanati chiyani? Akanati Amalawi aja ndi akuba. Ndinachisunga pamodzi ndi zikho za Ambuye, palibe malo abwino kuposa pamenepo. Chivundikiro ndinabwezera kuti asade nkhawa. Akamaliza ntchito ndikawapatsa chili chatsopano."

Ndinkaganiza kuti a Maxon akalipa. M'malo mwake anaseka mpaka anagwira khoma, chifuwa chikuwatsamwitsa.

"Ndiye masabata atatu onsewa, anthu a sukulu akhala akulondera thiranki la tchalitchi. Mayi, ndikuuzeni nkhani yabwino. Thiranki lanu silinapendekeke."

Kenaka anawatengera pa kathabwa, n'kukoleka bobu. Nsonga inatsala chala chimodzi kuti igunde khoma. Mayi Rozalia anayang'ana, n'kuyang'ana mphasa zimene zinali zitapindidwa pomwepo. Anayamba kutulutsa ana awiriawiri kupita pansi pa mtengo kuseri.

Ine ndinati tiwaimbire a kampani. A Maxon anapukusa mutu. "Tikaimba ati abwera mawa. Nkhalamba ya chingwe imadikira. Koma mwana wawoyu akalira sadikira."

Anatulutsa sensa m'thiranki, n'kuivundukula. Anatenga mpando, n'kukhala pakhomo pa holo. Kenaka anaigoneka cham'mbali pa miyendo pawo, n'kuisisita ngati mwana wa mphaka.

"Basi, khoma lagwa. Tiyeni tidikire."

Sipanapite nthawi. Woyamba anali Edward, akuthamanga kuchokera kumapeto kwa ngalande, chisoti chili m'manja, foni ikulira ngati ambulansi. Anaima pa msewu, n'kuyang'ana khoma lili chiimire, n'kuyang'ana foni, n'kuyang'ananso khoma.

"Wadzuka bwanji, mwanangu?" anatero a Maxon. "Mzere uja ukadali wobiriwira?"

Patapita mphindi khumi ndi zisanu galimoto ya Thandiwe inafika ndi fumbi. Anatsika osatseka chitseko. Ataona ana ali pansi pa mtengo anagwira pamtima, n'kuwawerenga ndi chala. Kenaka anaona sensa pa miyendo ya a Maxon, ndipo nkhope yake inasintha. Anayankhula Chitswana chothamanga, ine ndinangotolapo pang'ono, koma zinali zoti ichi si choseweretsa ndipo iye wayendetsa galimoto akuganiza kuti akukafukula ana. A Maxon anamusiya amalize. Ndiye anaimirira, n'kumupatsa sensa ndi manja awiri, n'kumupempha kuti alowe aone kanthu kamodzi kokha.

Thandiwe anagwada pa kathabwa ndi buluku lake la ntchito. Madontho anali pamzere ngati nyerere, lililonse ndi tsiku lake. A Maxon anagoneka mitengo ya machesi kuyambira dontho loyamba mpaka lomaliza. Inakwana khumi ndi isanu ndi iwiri.

"Mamilimita makumi atatu ndi anayi," anatero iwo.

"Munaphunzira kuti zimenezi, ntate?" Ntate ndi mmene a kuno amaitanira bambo mwaulemu.

"Pansi. Ndinali wa ndodo."

Thandiwe anatuluka n'kukaimika makina ake pa malo omwe anaimika tsiku loyamba. Anayeza, n'kuyerekeza ndi manambala akale. Anayezanso kachiwiri. Ngakhale okumba anazimitsa chimakina chawo. Atamaliza anabwera kwa a Maxon.

"Makumi atatu ndi atatu."

"Ndaphonya ndi imodzi."

"Mwina ndaphonya ndine, ntate."

Anatembenukira kwa Edward n'kulamula kuti kukumba kuime pomwepo. Mayi Rozalia anayamba kupepesa, misozi ili m'maso, koma Thandiwe anawagwira dzanja. Anati iyenso ali ndi mbali yake. Anayenera kufunsa eni malo ngati chinthu chingagone panja kuno, ndipo anayenera kudabwa ndi mzere wosagwedezeka masabata atatu. Anati kompyuta inamuuza zimene ankafuna kumva, iye n'kusangalala nazo.

Tsiku lomwelo kireshi inasamukira pa bwalo la a Maxon, pansi pa tenti ya maliro ya tchalitchi. Palibe mayi amene anajomba ku ntchito. A kampani anatchinga holo ndi tepi yofiira, n'kuyamba kuchirikiza ngalande ndi zitsulo. Khomalo analiika mizati kunja, koma Thandiwe anati lapita kale patali, liyenera kugumulidwa.

Silinadikire kugumulidwa. Lachinayi masana kunagwa mvula yoyamba, ya matalala. Cha m'ma 2 koloko, nthawi imene ana amakhala ali mtulo, ngodya ya khomalo inatitimira, mtanda wa denga n'kusolotoka. Ine ndinali ku tauni, ndinangomva pa foni. Madzulo ndinakasuzumira pa windo. Njerwa ndi malata zinali mulu kuyambira pa kathabwa ka a Maxon mpaka pakati pa holo. Ndinayang'ana pamene Peace ankakonda kugona, pafupi ndi chithunzi cha njovu chimene anamata pa khoma. Panali mtanda.

Nditafika kunyumba ndinamupeza akudya chimanga chootcha pa miyendo ya a Maxon. Ndinafuna kunena zambiri, koma ndinangogwada n'kuti, "Zikomo, bambo." Iwo anati ndithokoze maso anga.

Kampani inamanganso khomalo ndi maziko akuya, oika zitsulo. Sensa anaibwezera m'kachikwere ka chitsulo kokhoma ndi loko. Thandiwe anafuna kupereka kiyi kwa mayi Rozalia, koma iwo anabisa manja m'chitenje. "Ayi mwanangu, ine musandiyese." Mzere wa pa foni ya Edward unayamba kukwera masana n'kutsika madzulo, monga a Maxon ananenera. Edward yemweyo anabwera tsiku lina ndi botolo la fanta, akukanda m'mutu.

"Madala, bobu uja mumabwereketsa? Ndikumanga kachipinda ku Boitekong."

"Ali pa penshoni," anayankha a Maxon. Koma Loweruka anapita kukamuyezera.

Mu Malichi chaka chino anatiuza kuti akupita kumudzi. Anati chifuwa chikufuna mpweya wa ku Ntcheu, ndipo akufuna akafike akuyenda ndi miyendo yawo. Nyumba anasiyira mwana wawo wamkazi. Bobu anati apita naye, chifukwa kumudzi kuli nyumba yoti amange. Ine anandimangira wanga, wa nati ya galimoto ndi ulusi wa nsapato, ndipo ndimamukoleka pa chitseko changa ndisanapite ku mpopi.

Tinawatsanzika Loweruka mu holo yatsopano, basi yawo ikunyamuka mawa lake. Thandiwe anabwera ndi bulangeti la mphatso lochokera ku kampani. Atawafunditsa, anawafunsa pamaso pa anthu onse ngati pali china chimene angawachitire asanapite. A Maxon anazungulitsa chipewa m'manja nthawi yaitali. Sindinawaonepo akuchita manyazi chotero.

"Makina aja muli nawo m'galimoto?"

"Ali momwemo, ntate."

"Ndimafuna ndiyang'anemo. Kamodzi kokha. Sindigunda mwendo."

Thandiwe anapita ku galimoto, n'kuimika makinawo pa bwalo la tchalitchi, n'kuwatsitsa kuti afanane ndi msinkhu wawo. Anawaonetsa pozungulitsa kuti diso lione bwino. Kenaka iye mwini anatenga ndodo ya manambala, n'kuyenda nayo mpaka pa ngodya ya khoma latsopano, n'kuimirira.

A Maxon anapatsa Peace chipewa kuti awagwirire. Anaika manja kumbuyo, n'kuwerama pang'onopang'ono mpaka diso linafika pa galasi. Anakhala choncho nthawi yaitali. Madala anzawo anasiya kucheza. Ndinamva akuwerenga manambala chapansipansi, imodziimodzi, ngati akuitana maina a anthu amene anawadziwa kalekale.

Kenaka anatulutsa dzanja limodzi, osachotsa diso pa galasi, n'kulikupiza kumanzere.

"Wongola ndodoyo pang'ono, mwanangu. Yapendekeka."